Dzanja Lobaya Ng'ombe

Lolemba

Tabwerako ku Lusaka. Pamwamba pa khansa ya m'bere ija, mkazi wanga, amake Tisa, watupanso mwendo wakumanzere. Achipatala akuti magazi aundana mumtsempha, ndipo khansa imachita zimenezi. Atipatsa katoni ya majakisoni oletsa magazi kuundana: mmodzi tsiku lililonse, pakhungu la pamimba, nthawi imodzimodzi. Tikadumphitsa, choundanacho chitha kukula n'kuthawira kumapapo. Pamenepo ndiye maliro.

Nesi akufunsa ngati kiliniki ili pafupi. Pafupi pati, ife a kuseri kwa Chinyunyu! Ndikudziguguda pachifuwa. Zaka makumi awiri ndikubaya ng'ombe za mudzi wonse, ndingalephere kasingano kotere? Nesi akufotokoza zambirimbiri, ine ndili kalikiliki kumusimbira za nkhunzi ya a Mwale imene ndinaibaya ndekha popanda chingwe.

Dongosolo la mawa:
1. Kusamba m'manja.
2. Kubaya 7 koloko.
3. Kutamandidwa.

Lachiwiri

7 koloko yakwana. M'manja ndasamba katatu. Ng'ombe ndimaimenya kaye kawiri pathako kenako n'kubaya, koma apa ndimenye pati? Ng'ombe siikuyang'ana m'maso. Ng'ombe sinakuberekere ana asanu.

"Atate ake Tisa, mufuna nyeleti imere mizu m'manja?" akufunsa mkazi wanga, maso ali pa singano.

Ndabaya 8 koloko, thukuta kamukamu. Kenako ndatikita pamalopo mwamphamvu, monga ndimachitira kukhola, kuti mankhwala ayende. Ntchito yaukatswiri! Kutamandidwa sikunafike, mwina mawa.

Lachitatu

Pamene ndinatikita paja pada bii, kukula ngati chikhatho changa. Ndaimbira nesi. "Ba tate, nanga sininakambe kuti osatikita? Aya mankhwala yachititsa magazi kutuluka mosavuta. Mwenze kuti?" Ndinali ndi nkhunzi ya a Mwale.

Akuti tibaye mbali inayo. Ndatenga jakisoni, ndayang'ananso pakuda paja, ndipo nyumba yayamba kuzungulira.

Ndikutsitsimuka ndili chagada pamphasa, wodwala khansa akundikupiza ndi lichero. Manyazi! Taitana wa njinga yamoto, mkazi wanga wakabayidwa kukiliniki ku Rufunsa masana. Wabwera ali wefuwefu, wasanza kawiri.

Lachinayi

Njinga yamoto kachiwiri. Iye ali kumeneko, ine ndaganiza zobweza ulemu wanga. Ndapalasa njinga mpaka kukasupe wotentha, ndabwera ndi zigubu ziwiri zokutira m'matumba kuti madzi asazizire. Kwathu kuno mwendo wotupa timauthowa ndi kuusisita, ndani sadziwa?

Wafika, wayang'ana beseni, wayang'ana ine. "Ba sista anakamba kuti osasisita mwendo, chinthu chija chingasunthe. Mufuna kuchiperekeza kumapapo na manja yanu?"

Zina zimene akuti nesi ananena Lolemba ine ndili pomwepo:
osatema mphini,
osamwa mapiritsi a ululu ogula patebulo la kumsewu,
magazi akatuluka osaleka, kapena mpweya ukavuta, kuthamangira kuchipatala.

Sindikukumbukira n'chimodzi chomwe. Madzi aja ndachapira masokosi.

Lachisanu

Akuti njinga yamoto sakweranso, mabampu a njira yathu amupha khansa isanamuphe. Ndiye kwatsala ine.

Ndayeserera papapaya kasanu ndi singano yanga yakukhola, ndipo papaya sanadandaule. Ndagwada, ndatsina khungu la pamimba monga zikufunikira. Palibe chotsina. Mayi amene ankasenza thumba la chimanga kuchokera kumunda osapuma, lero zala zanga zikukumana. Sindinadziwe kuti waonda chonchi, chitenje chimabisa.

Dzanja lakana. Ndalira, ine mwamuna wa ndevu zaimvi, jakisoni ali m'manja.

Wandilanda jakisoni uja. Watsina yekha, wabaya, wakankha pang'onopang'ono, wazula. Kenako akundifunsa ngati mbuzi ndazitsekulira.

Loweruka

Wabayanso yekha, 7 koloko yeniyeni. Nesi pafoni akuti ambiri amatero, palibe cholakwika.

Koma wa njinga yamoto uja ali ndi pakamwa! Mudzi wonse wamva za lichero. A Mwale abwera kudzandiitana, thole lawo likudwala. Abwera ndi ana awiri ogwira ng'ombe ndi mmodzi wonyamula mphasa. "Ya inu iyi, ba dokota, mwina mungafune kugona," akutero a Mwale.

Tholelo ndalibaya kamodzi n'kamodzi. Palibe waomba m'manja. Wa mphasa wabwerera wokhumudwa.

Lamulungu

Mwendo waphwerako. Nsapato yalowa, ngakhale mokakamiza. Akuti kutchalitchi apita sabata yamawa, lero ndipite ndekha ndikapemphere kulimba mtima.

Majakisoni ndi a miyezi ingapo, atero achipatala. Khansa ikadalipo, sindikudzinamiza. Ndikuopa, ndipo iye akudziwa kuti ndikuopa.

Udokotala ndautula. Ntchito yanga tsopano ndi kuyang'ana wotchi, kubweretsa thonje, ndi kumugwirira bulauzi m'mwamba pamene akubaya. M'mawa uno ndagwira, nkhope ndalozetsa kukhoma, ndikumva akupuma. Atamaliza sanandiuze msanga. Wangosiya dzanja lake pa langa kwa kanthawi.

"Mawa mugwirenso," akutero. "Neka siningakwanitse."

Akunama, bulauzi angathe kuigwira yekha ndi chibwano. Mawa 7 koloko ndigwiranso.