Mphuno ya a Sidik

Kuno ku Makause, ku Joni, ngati a Sidik sanakununkhizenipo ndiye kuti mwabwera dzulo. Munthu ameneyo moni ankapereka ndi mphuno. Musanatambasule n'komwe dzanja, iyo yafika kale pa kolala. Anthu amati usipa wochokera kumudzi ankaumva basi ikadali pa Beitbridge.

Tsiku lina anamugwira mnzathu Peterson pa mpopi.

"Iwe, m'takisi unakhala pafupi ndi munthu wonyamula anyezi."

"Zoona, achimwene."

"Koma sopo wasamba leroyu si wa kunyumba kwako."

Mkazi wa Peterson anali pomwepo ndi ndowa. Masiku otsatirawo Peterson ankagonera kwa anzake.

Ntchito a Sidik ankagwira pa fakitale ina ya penti ku Wadeville, kusakaniza mankhwala zaka ndi zaka opanda chotchinga kumphuno. Ndiye masana ena akazi awo, a Adija, anapeza nyemba zikupserera, bambo ali khale pambali pa mphikawo, akumvera wailesi.

Kuchipatala anawadula kanyama m'mphuno n'kukaunika pa makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Anabwerako ali mphunzitsi.

"Anthuni, m'mwamba mwenimweni mwa mphunomu muli kadimba kochepa ngati chikhadabo. Timaselo taima ndondondo ngati mapesi, kumutu kwake kuli titsitsi tomira m'mamina. Titsitsi timeneto ndi timene timakola fungo. Mizu yake imadutsa pa fupa lobookabooka ngati sefa, mpaka ku ubongo."

"Nanga dimba lanulo lili bwanji?" anafunsa Peterson.

"Lapsa. Adokotala akuti la ena limaphukanso. Langa ayi."

Tinaseka, poyesa ndi nthabwala zawo zija. Iwo sanaseke.

Kuyambira pamenepo chakudya chinawakana. "Mchere ndikuumva," ankatero, "koma nyama ndi katoni n'chimodzimodzi." Mdzukulu wawo atabadwa, anamuika mphuno pamutu nthawi yaitali, kenaka n'kumubweza kwa amake. Anawonda mpaka lamba kusowa pobowola. Chisanu chitafika, chifuwa sichinavutike nawo.

Tinawaika konkuno ku Joni. Pa mpopi masiku ano timangotunga madzi n'kumapita, aliyense ndi zake. A Adija anamangira jekete la amuna awo m'pulasitiki, osalichapa. Dzana ndinawapeza atalimasula, nkhope yonse ali nayo m'menemo.

Atadzutsa mutu anati, "Achimwene, fungo lawo layamba kutha."