Chiwanda cha apongozi anga

Mpaka lero Mwansa sindinamukwatire, ndipo mlandu wonse akuuika pa ine, ngati kuti ndine ndinapotokola kabataniko.

Ndimaimba kiyibodi kutchalitchi kwathu ku Kabwata. Ndili ndi sinthesaiza yolumikiza ndekha, timabokosi tokhala ndi mawaya ngati zisa za atchete. Kabokosi kamodzi kamatenga mawu, n'kuwaduladula kukhala manambala a kompyuta, kenako n'kuwabweza kukhala mawu. Manambalawo akachuluka, mawu amatuluka osalala. Ukawachepetsa, amakhakhala ngati macheka.

Lamulungu limenelo Mwansa amayenera kuimba yekha, ndiye ndinadutsitsa maikolofoni yake m'kabokosiko, pang'ono chabe, kuti liwu lake linyezimire (chikondi chimapusitsa, musandiweruze). Nditatuluka kukamwa madzi, kunabwera ba Dikoni Chanda. Bambo amenewa amakhulupirira kuti batani lililonse padziko lapansi ndi lokwezera mawu. Anapotokola kabatani kanga kochepetsa manambala mpaka kumapeto.

Kenako abusa anaitana a maumboni nyimbo isanayambe. Anaimirira ndani? Mayi ake a Mwansa, ba Mulenga, amene onse amawatcha bana Mwansa, atatchena chitenje chatsopano. Anatola maikolofoni yomweyo.

"Aleluya, mpingo!"

Zimene zinatuluka m'masipika, abale, ngakhale ine tsitsi linandiimirira. Ana anayamba kulira. Amayi a mapemphero anavula nsapato n'kuzungulira ba Mulenga.

"Choka mu zina la Yesu! Ndiwe ndani?"

"Ndine bana Mwansa! Nilibe chibanda ine, nisiyeni!"

Koma ankakana ali chigwirire maikolofoni, ndiye chiwandacho n'chimene chinkamveka chikukana. Ndinathamanga kuti ndizule waya, ba Dikoni n'kundigwira dzanja.

"Iwe, usazime! Leka chikambe chimene chabwelela!"

Pamene ndinkawapulumuka n'kuzula wayayo, abusa anali atangofuula kachitatu kuti chiwandacho chichoke. Liwu la mayi linabwerera mwakale, mpingo wonse n'kuphulika nthungululu. Duku lawo linali pansi, mafuta odzozera akuyenderera mpaka m'khosi.

Ndinapita kwawo ku Chelstone kukapepesa. Sanandipatse ndi mpando womwe.

"Ngati ni makina yako, ukakambe pasogolo pa chechi. Apo ayi, mwana wanga umuibale."

Ndinapita kwa abusa. Anandimvetsera bwinobwino, n'kundisisita paphewa: "Mwana wanga, usachepese nchito ya Mulungu na mawaya." Mpata wolankhula anandimana. Ba Dikoni nawo akuti sanakhudze kanthu, iwo "anangothandizako". Zimandipsetsa mtima kwambiri! Anthu atsopano akubwera kudzaona mayi amene anamasulidwa, ndipo pamsika amayi anzawo amawapatsa moni ali chapatali.

Ndiye poti guwa andikaniza, ndanenera pano. Inu amene munalipo tsiku limenelo, mayi aja analibe chiwanda chilichonse, anali manambala anga. Wina akawawerengere, chonde. Kabataniko sindinakachotse, koma ndakamata ndi selotepi, n'kulembapo dzina la ba Dikoni.