A Ziriako, Mbava ya Alendo

Inu amene mwabwera posachedwa mu Bilbao muno simukudziwa kuti tinali ndi mbava yathuyathu, yodziwika ndi apolisi omwe, koma yosamangidwa. Ndikunena a Ziriako, Mulungu ause mzimu wawo. Iwo sankaba chikwama kapena foni ayi. Ankaba mlendo amene, wathunthu, ndi sutikesi yake yomwe.

Ankakhala pansi, ife pamwamba, m'kanjira kopanikizika ka m'tauni yakale. Ndi malemu amuna anga anali ngati obadwa bere limodzi, ndiye ine ankanditchula kuti alamu. Kale ankakhoma zitsulo za sitima zapamadzi, koma chitsekereni fakitale ija ntchito yawo inali imodzi: kuima pakona ndi chipewa chawo chakuda chophwatalala, ambulera pamkono, kudikira munthu woyang'ana m'mwamba. Ankati wakuno amayenda akuyang'ana pansi kuopa zithaphwi, woyang'ana m'mwamba ndi mlendo. Akangomuona, pachigongono gwi!

"Mwadya?"

Ayankhe kuti eya, ayankhe kuti ayi, ayankhe m'chilankhulo cha kwawo, zonse zinali chimodzimodzi. Watengedwa basi.

Ndipo anali ndi malamulo awo. Kukhuta pamalo amodzi ankati ndi mwano kwa ophika enawo. Bala iliyonse ili ndi kanthu kamodzi kamene imadziwa kukonza, apa bowa wokazinga, uko kansomba ndi tsabola zolasa pakamtengo, kwina kabuledi ka nyama ya nkhumba. Udye kamodzi uli chiimire, umwe kavinyo kongonyowetsa kukhosi, upukute pakamwa, kapepalako uponye pansi monga timachitira, tiyeni kwina.

Banja lina la ku Japan linabwera kudzaona chinyumba chonyezimira chija cha m'mbali mwa mtsinje, choonetseramo zithunzi. A Ziriako anawauza ndi manja kuti zithunzi sizithawa, koma nsomba za kumsika zikafika masana maso amakhala atafa. Anthu aja tsiku lonse linathera kuyang'anitsitsa nsomba m'maso. Chinyumbacho anachionera pawindo la basi popita kukakwera ndege. Masisitere awiri a ku Burgos anabwera kumsonkhano wa mpingo, kumsonkhanoko anafika utatha, masaya ali psuu, akuimba. Tsiku lina anagwira mpaka munthu wodzakonza mapaipi athu, chifukwa ankayang'ana padenga.

"Bambo, ine ndine wakuno, ndinabadwira kuseri kuno."

"Ndiye ukuyang'aniranji kumwamba ngati mlendo? Tiye."

Paipi ija inadontha mpaka mawa lake.

Tinkaseka ife. Ine ndinaleka kuseka chaka chimene mwana wanga Uxue anapeza mwamuna. Damián dzina lake, munthu waulemu, wa kummwera kotentha, ku Cáceres. Vuto linali mayi ake, a Remedios, amasiye ngati ine ndemwe, mwana mmodzi yekhayo. Sanafune kumva za ukwatiwo. Ankati anthu akumpoto ndi ozizira ngati mvula yawo, sapereka moni, mwana wawo adzafa ndi kusungulumwa. Damián anamuuza Uxue mosabisa kuti sangakwatire mayi ake akulira. Mayiwo akakanitsitsa, iye abwerera kwawo. Uxue anayamba kuonda ndikumuona ndi maso angawa. Kenaka tinamva kuti mayiwo akubwera Loweruka kudzationa okha kuti ndife anthu otani.

Ndinachapa makatani. Ndinapukuta chithunzi cha Mtima Woyera mpaka Ambuye ananyezimira. Ndinaviika bakalao, nsomba yamchere ija, ndikumasintha madzi ngati ndikusambitsa khanda. Ndinati mayiyu adye atakhala pampando, m'nyumba yaukhondo, mawa lake timuonetse chinyumba cha zithunzi ngati anthu ophunzira. Mantha anga anali amodzi okha, ndipo ankakhala pansi pathu.

Ndinatsika kukagogoda.

"Alamu, mlendo akubwera Lowerukayu ndi wanga. Musamukhudze."

"Ine? Ndinayamba ndakhudzapo mlendo wa munthu?"

"Masisitere aja."

"Aja anali a Mulungu, si a munthu."

Sindinagone. M'mawa ndinakwera masitepe onse aja opita kutchalitchi cha Begoña, mawondo akulira, ndikuyatsa kandulo. Ndinawauza Amayi Maria poyera kuti sindikupempha choipa. Kachimfine chabe, kogoneka a Ziriako Loweruka lokha, Lamulungu adzuke apite ku Misa.

Loweruka m'mawa ndinawamva akutsika masitepe akuimba likhweru, athanzi ngati ng'ombe.

Uxue ndi Damián anapita kudepoti kukachingamira basi. Ine ndinatsala ndi mphika. Amene munaphikapo bakalao wa mafuta ndi adyo mukudziwa kuti mphika wadothi uja sautula. Moto pang'ono, manja onse awiri, kuuzunguza pang'onopang'ono mpaka mafuta alimbe ngati phala lachikasu. Ukangoleka, mafuta kwaokha, nsomba kwaokha. Ndili mkati mozunguza, foni. Uxue akulira. Basi yafika, mayi mulibe. Akuti anakwera ina yam'mamawa osauza munthu, ndipo foni yawo ndi yozima. Ndisanapume, ndinamva Itziar, mnzanga wogulitsa nsomba, akundiitana pansi pawindo.

"Garbiñe, alamu ako agwira wina. Mayi wamfupi, wovala zakuda, sutikesi yofiirira. Amayang'ana manambala a nyumba."

Ndinawauza ana aja kuti asasunthe kudepotiko, chifukwa Damián anali atanena kale kuti mayi ake akakhumudwa sakangana, amangokwera basi yobwerera. Ndinazimitsa moto, ndikutuluka ndi epuloni ndi masilipasi, korona m'manja, kamvula kathu kowazawaza kaja kali pantchito.

Njira ya a Ziriako ndinkaidziwa. Bala yoyamba ndi ya Andoni, wa bowa. Nditalowa ndinaganiza kuti ndasochera. Pansi panali mbee, opanda kapepala ngakhale kamodzi. Andoni anali atatsamira kauntala ngati wamva uthenga wa maliro. Anati awiriwo angochoka kumene. Mayi uja atangoona mapepala pansi anapempha tsache, nkusesa bala yonse, akunena kuti anamva kale zoti akumpoto ndi ozizira, koma zoti ndi auve palibe anamuuza.

"Chitsegulireni malo ano palibe ananditukwanapo chonchi," anatero Andoni. "Odutsa akusuzumira, akuona pansi poyera, akuganiza kuti sindigulitsa."

Sutikesi yofiirira inali kuseri kwa kauntala. A Ziriako anailanda, akuti katundu amalepheretsa kudya. Ndinati bola, popanda sutikesi sangakwere basi. Kenaka ndinakumbukira kuti munthu wokwiya amasiya ndi nsapato zomwe.

Ku bala yachiwiri anati angochoka kumene. Mayi uja anapempha mpando, a Ziriako nkumuuza kuti mpando ndi wa odwala. Ndinafunsa zimene amakambirana. Mtsikana wogulitsa anayang'ana pansi. Ndinamukakamiza. Akuti a Ziriako amafotokoza za banja lathu. Zoti Uxue ngakhale dzira limamupserera. Zoti ine ndimaliza mkonono mpaka nyale ya pansi imagwedezeka. Zoti malemu amuna anga anafika kuukwati wawo womwe mochedwa, ndipo amene anawachedwetsa ndi iwowo.

Ndinati Amayi Maria, kandulo ija munaiona koma?

Ndinathamanga. Silipasi imodzi inavuka, ndinabwerera kukaitola, anthu akundiyang'ana. Uxue anaimbanso, akuti basi yakummwera yaima kale pamzere, anthu akulowa. Ndinamuuza kuti ayang'ane pakhomo la basiyo, asaphethire.

Ku bala yachitatu mwini wake anali akupukuta misozi, sindinadziwe ngati ndi ya kuseka kapena ya anyezi. Akuti mayi uja anadya kansomba ka tsabola, nkufuna kachiwiri. A Ziriako anakana, kamodzi basi. Mayi uja anawamenya dzanja, nkutenga. Kenaka inabuka nkhani ya nkhumba, za kwawo kapena za kuno zokoma ndi ziti. Ndinafunsa ngati inali ndewu.

"Sindikudziwa, mayi. Onse awiri amakuwa, koma palibe amachoka."

Ndinatuluka osadziwa kolowera, chifukwa kuchokera pamenepo njira zimagawikana. Ndinaima pamvulapo ndikuona ukwati wa mwana wanga ukuthera m'ngalande. Ndiye ndinamva mawu ngati chitseko chadzimbiri. Nyimbo ya Amayi Maria.

Mukudziwa kona ija ili ndi kachifanizo ka Amayi Maria pakhoma, pamene ukaima pabwino umaona nsanja ya Begoña pakati pa nyumba, pamene azibambo oyendera mabala amavula zipewa nkuimba. Anali pamenepo. Chipewa cha a Ziriako chinali pamutu pa mayi uja, ambulera anamufunditsanso yemweyo, iwo dazi lili pamtunda madzi akuyenderera m'khosi. Mayiyo anali atatsinzina, milomo ikugwedera. Ndinadikira nyimbo ithe, chifukwa ngakhale ndakwiya sindidula pemphero.

"Alamu, ndinakuuzani chiyani ine?"

"Ndi wanu ameneyu? Sanalembedwe pamphumi." Koma maso awo ankaseka. Anadziwa chiyambire.

A Remedios anandiyang'anitsitsa, kuyambira tsitsi lonyowa, epuloni ya mafuta, mpaka masilipasi.

"Ndinu mayi ake a Uxue? A mkonono aja?"

Ndinaona kuti chobisa chatha. Ndinati eya, ndine ndemwe. Dziralo ndi zoona, limamupserera. Koma mwana wanu amamukonda, ndipo chiyambireni nkhaniyi mwana wanga sadya.

A Remedios ananena motsitsa kuti sanabwere kudzationa, anabwera kudzatenga Damián. Anafulumira dala kuti aone mmene tikhalira tisanakonzeke. Ataima pakhomo pathu mvula ikuwanyowetsa, anthu akungodutsa maso pansi, mumtima anati ndinanena ine, kuno munthu akhoza kufa chiimire popanda womufunsa. Ganizolo lisanathe, pachigongono gwi.

"Chimwalirireni amuna anga," anatero, "palibe anandigwirapo pamkono. Ngakhale wondikalipira ndinalibe."

Sananene kuti avomera. Sananenenso kuti akana. Pamenepo a Ziriako nkuti yatsala bala imodzi. Ndinafuna kuwaluma. Koma mayi aja anali atayamba kale kuyenda, ndiye ndinalondola.

Zimene ndinadya kumeneko sindikuzikumbukira. Ndinkangoyang'ana dzanja la a Remedios. Anadya, anamwa, anapukuta pakamwa. Kapepala kaja anakapinda bwinobwino, nkuyang'ana uku ndi uku kufuna potaya. Anatsegula chikwama kuti akaikemo. A Ziriako anatsokomola. Mayi aja anawayang'ana, nkundiyang'ana ine, nkutambasula zala. Kapepala kanagwera pakati pa tinzake.

"Asewere," anatero, "aimbireni ana aja. Achokeko kudepoti, akuzizidwa chabe."

Asewere. Ndinakhala pansi pomwepo, pamapepalapo, malamulo a a Ziriako kapena ayi.

Bakalao uja tinamupeza mafuta kwaokha, nsomba kwaokha. Tinadya choncho. A Remedios anati kwawo akanapatsa mphaka, nkutenganso chidutswa china. Za dzira anati amuphunzitsa okha mpongozi wawo. Chinyumba cha zithunzi sanachione ulendo umenewo, ndipo mpaka lero amati zithunzi sizithawa.

Lolemba lake a Ziriako anagona ndi chimfine choopsa, cha mvula ija ya padazi. Ndinakwera ku Begoña kukathokoza. Amayi Maria anamva ndithu pempho langa, koma tsiku anasankha okha. Msuzi wa nkhuku ndinawaphikira sabata yonseyo, iwo akudandaula kuti akudya pamalo amodzi.

A Ziriako anamwalira dzinja lapitali, adzukulu anga atayamba kale sukulu. Tinawapeza pampando, munthu amene ankati mpando ndi wa odwala, chipewa pamwendo, ambulera pambali, ngati akungodikira mvula ichepe. Wa mapaipi uja ananyamula nawo bokosi. A Remedios anabwera, pabasi yam'mamawa ngati kale, ndipo titachoka kumanda anatitsogolera okha bala ndi bala. Kwa Andoni anaponya kapepala pansi, nkulira mpaka Andoni anazimitsa moto wa bowa.

Alendo masiku ano achuluka kuposa kale. Amayenda foni kutsogolo, foniyo nkumawauza kokhota. Amadzaza mbale pamalo amodzi, amakhala pampando, amajambula chakudya chisanalowe m'kamwa. Amaona chinyumba chonyezimira, amakwera ndege pa nthawi yake. Palibe amasowa, palibe amachedwa, masisitere amafika kumsonkhano. Ndimawaona pawindo ndipo mtima umandiwawa, chifukwa amabwerera kwawo osagwidwapo pamkono ndi munthu.

Dzana kunali kamvula. Pakona paja panaima mtsikana ndi chikwama kumsana, foni yamuthera moto, akuyang'ana manambala a nyumba. Ndinadikira, ndikuyang'ana chitseko cha pansi ngati chitseguka. Anthu ankangodutsa maso pansi. Ndinati Amayi Maria, mawondo anga mukuwadziwa, tumizani wina. Sanabwere wina.

Ndinazimitsa moto, ndinatenga ambulera, ndinatsika.