Membuleni Yanga ndi Ketulo ya Amayi Zulu

Lolemba

Ndayatsa batire ya vanadiyamu mu labu. Matanki awiri a asidi, mapampu awiri, pakati membuleni, kapulasitiki kopyapyala ngati ka buledi. Ntchito yake nkulola mphamvu kudutsa koma mankhwala a matanki awiriwa asasakanikirane. Ikapirira masiku asanu ndi awiri osaima, alendo a kumgodi ku Ndola agula nzeruyi, ine kontrakiti andiwonjezera. A Dokotala, abwana anga: "Ikafa, mufa nayo."

Lachiwiri

Malaiti apita 10 koloko. Mapampu zii. Batire yothetsa vuto la magetsi yagonja ndi vuto la magetsi! Ndalumikiza mapampu ku batire yomweyo, izidzidyetsa yokha. Kuwerenga masiku ndayambiranso. A Dokotala akuti masiku asanu nawonso ndi sabata.

Lachitatu

Paipi yadontha. Asidi wadya thalauza langa la kutchalitchi. Kunyumba ku Ndeke mkazi wanga: "Mugwira nchito olo mumenyana na agalu?" Ndatopa.

Lachinayi

Malaiti apitanso, nyumba yonse ya kuntchito mdima kupatula labu yanga. Ndikubwera kokagula chakudya ndapeza pa batire:
mafoni khumi ndi imodzi,
makina ometera a mlonda,
ketulo ya Amayi Zulu a ku ofesi!
Iwo: "Awe mwandi, ni tiyi chabe."

Lachisanu

Manambala akuti mphamvu ikutha msanga. Ndi membuleni ikuwola kapena ndi tiyi? Sindikudziwa. Ndamata chikalata pakhomo, OSATCHAJA. Pansi pake wina watchaja laputopu. Ndi ya a Dokotala.

Loweruka

Mphamvu yatsikanso, mtima suli m'malo. Mwina asidi waboola membuleni. Ndazimitsa mapampu, ndamasula mabawuti onse kuti ndione. Ili bwinobwino! Yosalala, yopanda ngakhale kabowo. Koma batire ukaitsegula mayeso athera pomwepo. Kuseri kwa kabati ndapeza waya wopita ku firiji ya mukantini, akuti anaulumikiza Lachinayi kuti soseji isaonongeke.

Lamulungu

Ku Misa ndi thalauza lobwereka. Mawa alendo akufika, ndilibe nambala imodzi yoti ndiwaonetse. Pachipata Amayi Zulu andithokoza pamaso pa anthu, akuti makina anga ndi abwino kwambiri, ndisawachotse.

Membuleni ija ndi yolimba. Tikudziwa awiri, ine ndi Mulungu, ndipo pa awirife palibe amene amasaina makontrakiti.