A Shehata ndi Shuga Wawo

Malemu a Shehata sankalola kuti kavalo achitidwe kanthu asanafunsidwe. Zaka makumi anayi akusamalira akavalo a mpikisano kuno ku Alexandria, kafunsidwe kawo kanali kamodzi: shuga pachikhatho, dzanja n'kutambasula. Kavalo akanyambita, ndiye kuti wanena kuti ali bwino, asiyidwe. Tsono kavalo wokana shuga munamuona kuti? Amene zimenezi zinkamudwalitsa mutu anali Wagdi, dokotala wa ziweto pakholapo.

"Amalume, kavaloyu ali ndi njoka zam'mimba," Wagdi ankatero, mankhwala ali m'manja.

"Wakuuzani ndani, adokotala? Ine wandiuza kuti ali bwino."

"Wangonyambita shuga. Ngakhale inuyo mukananyambita."

"Eya, ndipo inetu ndilibe njoka."

Tsiku lina mwini khola, Haji Munir, anabwera ndi munthu wofuna kugula kavalo. A Shehata anatulutsa shuga, kavalo ananyambita, iwo n'kuuza mlendoyo mwaulemu wonse kuti pepani, mwiniwake akuti sasamuka. Haji anawachotsa ntchito pomwepo, kachisanu ndi chiwiri chaka chimenecho. M'mawa mwake anawapeza akupesa kavalo yemweyo.

Kuseka kunatha ndi Zahwa, kavalo wamkazi wofiirira amene a Shehata anamulera chibadwire. Anagwa pa mpikisano, pokhota pomaliza akutsogola, mwendo wakutsogolo n'kuthyoka mpaka fupa kutulukira kunja. Wagdi anangoyang'ana kamodzi n'kudziwa. Kavalo sangagone miyezi kudikira fupa ngati munthu, ndipo chifundo chimene chinatsala chinali jakisoni womupumitsa. Koma atabwera ndi jakisoniyo kukhola, anapeza a Shehata atakhala pakhomo, ndodo ili pamiyendo. Zahwa anali atamumangirira mkanda wabuluu woletsa diso la nsanje.

"Wanyambita shuga," anatero a Shehata.

"Amalume, akumva ululu. Taonani thukutalo."

"Mulungu ndi amene anamupatsa mpweya. Inu ndinu ndani?"

"Ndine amene ndingathetse ululuwo. Chokani pakhomo."

Sanachoke. Haji anaopa ndodo ija, anati nkhani imeneyi athane nayo okha. Wagdi ankangololedwa kubaya mankhwala ochepetsa ululu, omwe sankafika patali. Kavalo anaima ndi miyendo itatu, akunjenjemera, ndipo Wagdi ankapita kwawo mtima ukumuwawa.

Tsiku lachitatu a Shehata anatambasula dzanja, Zahwa n'kutembenuzira mutu kukhoma. Anayesa kawiri. Kenako anamukumbatira khosi.

"Wanena yekha. Bwerani, adokotala."

Atatha kumubaya, Wagdi sanadzigwire. "Masiku atatu, amalume. Wazunzika masiku atatu chifukwa cha shuga wanuyo."

"Inu mukanamupha asanayankhe."

Mwezi wathunthu sanalankhulane. Mpaka lero Wagdi amati sanalakwe, ndipo n'zoona, sanalakwe.

Chaka chatha a Shehata anagonekedwa m'chipatala, timapaipi tili mbali zonse. Wagdi anawatengera tiyi wothira masupuni anayi a shuga, monga ankakondera. Nkhalambayo inayang'ana kapu, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Mwaona, adokotala?" anafunsa chapansipansi.

"Ndaona. Koma ine ndine wa ziweto, amalume."

Anakhala choncho milungu isanu asanamwalire.

Masiku ano kavalo akathyoka pabwalo, amamutchinga ndi chinsalu, mphindi khumi zonse zatha. N'zimene Wagdi ankalimbira zaka zonsezi, ndipo palibenso womutsekera khomo kapena womuyankha mwano. Pakhola pali zii, moti ngakhale Haji wasowa womuchotsa ntchito. Chimene chimamukwiyitsa Wagdi n'chakuti m'thumba mwake simusowa shuga, ndipo sakumbukira tsiku limene anayamba.

Sabata yatha kavalo wina anathyoka mwendo. Kuseri kwa chinsalu kuja, jakisoni ali kudzanja lamanja, Wagdi anatambasula lamanzere. Kavaloyo ananyambita. Wagdi anabayabe, ndipo njira yonse yopita kwawo ankatukwana a Shehata, misozi ili chuchuchu.