Ng'ona Imene Ndinapha ku Blantyre

Anzanga, inu amene mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ana a kwawo kwa akazi anga amandiitana kuti amalume a ng'ona, lero ndikuuzeni ndekha, chifukwa nkhani imene ikuyenda padooko ija anthu aithira mchere wambiri. Ena akuti ndinali nditaledzera. Ine tsiku limenelo sindinamwe kanthu kupatula tiyi wa m'mawa ndi madzi a m'dziwe la pa hotela, ndipo amenewo ndiye ndinamwa osati masewera.

Kwa amene simundidziwa, ndine Maliko, mwana wa kudambo kuno kumene Shire amamwazikana m'mabango. Ntchito yanga ndi kugula milamba kwa asodzi, kuwamba, n'kukagulitsa ku Nchalo. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi Tadala, mphunzitsi wa ku pulayimale, mwana wa ku Blantyre amene ntchito inamuponya kuchigwa kuno. Tinagwirizana za banja, chimene chinatsala ndi mayi ake. Bambo ake anatisiya kale, ndiye mawu a mayiwo anali omaliza, ndipo mphekesera imene inali itandifika inali yakuti iwo sanaphunzitse mwana wawo kuti akakwatiwe ndi munthu wonunkha utsi wa nsomba. Tadala anandiuza mosabisa kuti mayi ake akakana, iye sadzawadumpha.

Mwezi wa Okutobala, nthawi imene kwathu kuno ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi, kunabwera uthenga woti ndipite ku Blantyre mayi ake a Tadala akandione. Akuti pa hotela ina mumzindamo pali chikondwerero cha zakudya ndi nyimbo cha nyengo yotentha, banja lonse likakhala pomwepo, ndiye tikadziwane momasuka. Momasuka, ndi apongozi? Ndinathamangira kwa atsibweni anga a Zuze kuti andipatse nzeru. Iwo anandikhazika pansi n'kundikumbutsa zimene ndinakulira: apongozi sitiwayang'ana m'maso, sitikhala nawo pafupi, sitidya iwo akuona, sitiwatsutsa, ndipo ukakumana nawo panjira umapatukira kutchire. Anandibwereka jekete lawo lochindikala lija amavala pamaliro, ati kumtunda kumazizira, n'kundisankhira okha milamba yonenepa bwino yoti ndikapereke. Pondiperekeza anangoti, “Mphwanga, ulemu wokhawokha. Ukakachita manyazi usakatchule dzina langa.”

Minibasi itangomaliza kukwera mapiri a Thabwa ndinayamika atsibweni chifukwa cha jekete, kamphepo kake kanali kolowa m'mafupa. Koma anthu onse m'galimotomo anali kudzikupiza, uku akudandaula kuti chaka chino dzuwa lanyanya. Dzuwa lake liti? Ndinasuzumira pawindo kulifunafuna.

Chisokonezo chenicheni chinayambira pageti. Mlonda anatsegula jumbo yanga, kununkhiza, n'kundiuza mwaulemu kuti zakudya zochokera kunja siziloledwa. Ndinamufunsa ngati pano si pachikondwerero cha zakudya, anati ndi pomwepo. Ndinamufunsanso ngati mlamba si chakudya, anati ndi chakudya ndithu koma salowa. Mpaka lero mutu wanga sunagwire mfundo imeneyi. Kutaya mphatso ya apongozi sindikanatha, ndiye ndinazungulira kuseri kwa mpanda, n'kugawa milamba ija m'matumba onse a jekete, am'kati ndi akunja, n'kubwereranso pageti nditanenepa.

M'katimo munali zinthu zoti munthu wa kuchigwa angogwira pakamwa. Anthu akuluakulu, ooneka kuti nyumba ali nazo, atagona dala padzuwa m'mphepete mwa dziwe losambiramo, uku akudandaula kutentha. Ena akudya chiimire, ena akudya akuyenda, nyama yake tizidutswa tobayidwa pa kamtengo toti mwana wa kwathu akhoza kukufunsa kuti yeniyeniyo ibwera nthawi yanji. Oyimba ali pakona, owotcha nyama ali apo, ana ali m'madzi. Tadala atandiona anasekerera, kenako anayang'ana jekete n'kundinong'oneza kuti ndivule msanga, ndikuoneka ngati ndabwera kudzalalikira. Ndinamuuza kuti ndikumva kuzizira, zimene zinali zoona, koma si zoona zonse.

Ndiye tinafika patebulo. Mayi ake a Tadala ndi munthu wamtali, wamapewa, anapuma pantchito yophunzitsa masewera ku sekondale. Pambali pawo panali kamdzukulu kawo Thoko, mwana wa mkulu wake wa Tadala, kamtsikana kamene kanali kasanayambe n'komwe sukulu. Mayi anaimirira n'kutambasula dzanja. Ine ndinanjuta pansi, maso pa udzu, n'kuyamba kuwomba m'manja mwakachetechete monga tichitira. Dzanja lawo linakhala m'malere mpaka linatopa lokha. Anakoka mpando n'kuuika pafupi ndi wawo, ati ndikhale apa ticheze. Ndinathokoza, n'kuunyamula mpandowo chobwerera m'mbuyo mpaka ndinakaukhazika kuseri kwa mphika waukulu wa maluwa, pamene ndinkaona nsapato zawo zokha.

Anapita okha kukanditengera mbale ya chakudya, tangoganizani, apongozi kunditengera chakudya! Ndinati ndakhuta, chonsecho chiyambire m'mawa ndinali nditangomwa tiyi, ndipo mimba inalira nthawi yomweyo kunditsutsa. Ntchentche za mu Blantyre nazo zinali zitamva uthenga wa m'matumba mwanga, zinabwera ndi abale awo. Ndinamva mayi akufunsa Tadala ngati pafupi pano pali china chimene chafa. Tadala anabwera kuseri kwa maluwa kuja nkhope itasintha, ati mayi akuganiza kuti ndikuwanyoza, mwina ndili ndi china chimene ndikubisa, chifukwa munthu woona mtima sathawa maso a anthu. Anandipempha, misozi ili pafupi, kuti ndisaononge tsiku limeneli. Ndinasokonezeka kwenikweni, anzanga, ndipo ndinachita mantha. Ulemu wonse umene ndinali nawo ndinali nditautulutsa, koma ndikamawonjezera m'pamene zinthu zinkaipiraipira.

Mayi anayesanso. Anakweza mawu kudutsa maluwa aja n'kufunsa kuti, “A Maliko, paja anthu a ku Shire mumasambira ngati nsomba, eti?”

Apongozi sitiwatsutsa. Ndinayankha kuti, “Eya, amayi.”

Inu a kuno mukudziwa kuti limeneli linali bodza lofika kumwamba. Ife madzi timayenda pamwamba pake ndi bwato, sitisewera nawo. Amene amasambira ku Shire ndi ng'ona ndi mvuu, enafe timatunga madzi m'ndowa n'kukasambira kumtunda. Ine ndili mwana mnzanga Fanuelo anatengedwa ndi ng'ona padooko ife tikuona, tinangotsala ndi patapata wake, ndipo kuyambira tsiku limenelo madzi sanandipitirirepo m'mawondo.

Mayi anakondwa ndi yankho langa, ati ndiye tiyeni tikaone. Ndisanamvetse chimene akutanthauza, ndinaona chitenje chawo chikugwera pa udzu, kenako bulauzi pampando. Anali atavaliratu zosambira m'kati. Mayo ine! Atsibweni sanandiphunzitse zoyenera kuchita apongozi akavula pagulu. Ndinatembenuza mpando mwamsangamsanga n'kuyang'ana khoma la chimbudzi, ndipo ndinaliyang'ana khomalo nthawi yaitali moti nditha kukujambulirani ming'alu yake. Zonse zimene zinkachitika kudziwe, amene analowa, amene anatuluka, zimene anabweretsa, ine sindinazione.

Kenako ndinamva Thoko akukuwa. Kukuwa kwa mwana ali m'madzi, thupi langa limakudziwa. Ndinacheuka, ndipo pakati pa dziwe panali ng'ona, yobiriwira, yaitali kuposa ine, mamba ali ng'aning'ani padzuwa, kukamwa kuli yasa, ndipo kamkono ka Thoko kanali m'kamwamo, miyendo ikuphiriphitha m'madzi. Anthu onse ali phee pamipando yawo, ena akuseka, wina mpaka akujambula ndi foni. Ndinakuwa kuti “Nyakoko!”, dzina limene timaitchula ng'ona kwathu kuno, koma palibe anasuntha.

Mwina mufunsa kuti ng'ona ikanakwera bwanji mapiri onse aja n'kudutsa mlonda amene anakaniza mlamba wowamba. Funso labwino, ndipo nanenso ndinadzifunsa, koma mochedwa. Pa nthawiyo ndinaona Fanuelo basi. Ndinatsomphola chifoloko chachitali m'manja mwa wowotcha nyama, kudumpha anthu ogona padzuwa aja, n'kudziponya m'madzi ndi jekete, nsapato ndi milamba yomwe. Ndinafikira pamsana pake penipeni, kukankhira mwana kumbali, n'kubaya m'diso monga amanenera akuluakulu. Ndinabayanso pakhosi.

Ng'ona ija sinapalapate. Inangolira kuti fyuuu, n'kuyamba kuphwa m'manja mwanga. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ng'ona imeneyi ndi yofewa modabwitsa, ndiponso kuti pamimba pake pali kachitsekero kopopera mpweya. Ndipo m'pamene ndinazindikiranso chinthu chachiwiri, chofunika kwambiri: mapazi anga sakugunda pansi, jekete la atsibweni lamwa madzi, ndipo chinthu chokhacho chimene chikanandiyandamitsa m'dziwe lonselo ndachipha ndekha. Thoko, amene anali ndi timatumba ta mpweya m'mikono, ankangoyandama uku akulira chidole chake. Ine ndinamira nditaikumbatira ng'ona yanga.

Za pansi pa madzi sindikumbuka zambiri. Ndikukumbuka dzanja lamphamvu likundigwira kolala, lina lamba wa buluku, n'kundikokera kumtunda ngati thumba la chimanga lonyowa. Atandigoneka pa simenti ndinatsegula diso pang'ono, n'kuona kuti amene wandiweramira ndi apongozi, m'zosambira zawo zomwe zija. Ndinatsinzina nthawi yomweyo, mwaulemu. Iwo anayesa ndakomoka. Anayamba kundidinikiza pachifuwa, ine phee, kupirira, kuganiza kuti atopa asiya. Kenako ndinamva zala zikunditsina mphuno, n'kumva akuuza anthu kuti apatuke andiuzire mpweya pakamwa.

“Ndili moyo, amayi! Ndili moyo ndithu!”

Kameneko kanali koyamba kuwayang'ana m'maso. Oyimba anali atasiya kuyimba. Anthu onse anali atazungulira dziwe, koma sankayang'ana ine, ankayang'ana m'madzi, mmene milamba ya atsibweni inali itatuluka m'matumba n'kumayandama mwaulemu pafupi ndi chikopa cha ng'ona. Mlonda wa pageti uja anali pomwepo, manja m'chiuno, kuyang'ana nsombazo, kuyang'ana ine. Tadala anali ataphimba nkhope ndi manja onse awiri, ndipo mumtima ndinati basi, banja lija lathera pano, ndikwere minibasi ndizipita.

Mayi anakhala pansi pa simentipo n'kupukuta madzi kumaso. “A Maliko, inu kusambira simutha.”

“Sinditha, amayi.”

“Nanga mumalumphiranji?”

Ndinangoti, “Mwana anali m'kamwa mwa ng'ona, amayi.”

Mayi anayang'ana Thoko amene anali akusisima pachifuwa cha Tadala. Atatembenukira kwa ine maso awo anali ofiira, kaya ndi mankhwala a m'madzi aja kaya n'chiyani, sindinafunse. Analoza m'dziwe n'kufunsa ngati nsomba zikusambirazo ndi zawo. Nditavomera, anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kupempha mlonda kuti awavuulire mphatso yawo ndi kaukonde kochotsera masamba. Kenako anati, “Mukauze atsibweni anu abwere tidzakambirane. Koma mpando wanu uzikhala pamene ndauika ine.”

Atsibweni nditawafotokozera anagwira mutu, ati mbiri ya banja lathu sinaonepo mkamwini wonyamulidwa ndi apongozi pa lamba, ndipo jekete lawo mpaka pano silinabwerere mwakale. Koma ku Blantyre anapita, ndipo Tadala lero ndi mayi wa kunyumba kwanga. Pa tsiku la ukwati, pakati pa mapoto ndi mabulangete, panali phukusi lochokera kwa apongozi, lokutidwa bwino ndi pepala lonyezimira. Tinatsegula anthu onse akuona. Inali ng'ona ija, yophwa, diso limodzi palibe.

Ndiye ndinalumbira, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu. Kuno kwathu ndikamva mwana akukuwa padooko ndidzathamanga monga kale. Koma ndikadzaonanso ng'ona ku Blantyre, ngakhale itanyamula munthu wamkulu ndi mpando wake womwe, ndidzayamba ndafunsa kuti mwini wake ndani.