Khadi Langa Losalowa Madzi

Nkhani iyi mkazi wanga, amake Tadala, amaikamba paliponse, pachinkhoswe ngakhale pamzere wa kuchigayo. Ndiye bola ndiikambe ndekha, mundiseke kamodzi zithe. Ndi ya manyazi, ndipo ndikaikumbukira mtima umandiwawabe.

Ine ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Zomba, zikwama ndi zidole za ana. Chaka chimenecho denga la nyumba yathu ku Mbedza linali litatheratu. Malata adzimbiri, mabowo paliponse, moti mvula ikagwa tinkandanditsa mabeseni kuyambira pabalaza mpaka kuchipinda. Amake Tadala anali atandichenjeza kale kuti mvula ikadzayamba denga lili choncho, atenga ana akakhale kwa amayi awo ku Sadzi. Amake Tadala sakamba zocheza.

Tsiku lina ndikumasula belo, m'kathumba ka chikwama china ndinapeza makhadi a osewera mpira akunja, omangidwa ndi labala. Limodzi linali lonyezimira, lili m'kapulasitiki kakekake, pali bambo wa tsitsi lalikulu atavala kabudula wamfupi. Ndinati izi n'zoseweretsa ana, n'kuwaunjika pabenchi milu milu ngati tomato.

Masana kunabwera mayi Kachere, kasitomala wanga wa zikwama, amene amaphunzitsa ku yunivesite ku Chirunga. Anatola lonyezimira lija ndi nsonga za zala n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, ili mukugulitsa bwanji?"

"Mulu wonsewo ndi mtengo wa mandasi, madam. Ilo ndikuikirani basera."

"Ayi, musatero," anatero. "Ndikanatha kungolipira n'kumapita, koma ndikhala kuti ndakuberani. Makhadi awa ndinayamba kutolera ndili kusukulu kunja, ndimawadziwa. Ili ndi losowa kwambiri. Ndikupatsani mtengo wake weniweni."

Anatchula ndalamayo. Abale inu! Ndinaona malata atsopano ali mbee padenga langa.

Munthu wanzeru akanagwada n'kuthokoza. Koma ine ndakulira mumsika, ndipo chibadwire sindinaonepo kasitomala akukweza yekha mtengo. Mumtima ndinati, ngati mayiyu akupereka zonsezi osanenerera, ndiye kuti khadili ndi la galimoto. Akufuna andipusitse mwaulemu.

"Pepani madam, ili lili booked."

"Booked? Si mwangonena kumene kuti ndi basera?"

"Ndinaiwala. Pali mzungu wina kuphiri akulifuna."

Sanakwiye. Anangolibweza pabenchi pang'onopang'ono. "Chabwino, mukasintha maganizo mundipeza. Koma chonde mulisamale. Lisanyowe."

Lisanyowe! Tsono kwathu kuno chinthu chamtengo timachisamala bwanji? Setifiketi ya Fomu 4, ya ukwati, khadi la ubatizo, zonse timapita nazo ku laminating. Ndinalongedza katundu, liwiro ku kashopu ka fotokope m'tauni.

Nditalichotsa m'kapulasitiki kake ndinaona kuti kona imodzi yatuwa ndi ukalamba. Ndinabwereka sizasi n'kuidula. Kenako khadi linaoneka lopendama, ndiye ndinadulanso makona enawo kuti afanane.

"Aise, ulimate bwinobwino," ndinamuuza mwini shopu. "Pulasitiki yokhuthala ija, ya madigiri."

Linatuluka m'makina lotentha, lolimba gwa, likuwala kuposa kale. Ndinadziyamikira ndekha.

Kunyumba ndinalowa ngati bwana. "Amake Tadala, za malata iwalani. Tiika matailosi!"

Nditawafotokozera zonse anasiya kusita. "Ndalama ya malata mwaikana? Ndi pakamwa panupa?"

"Mayi, bizinesi simuidziwa."

"Eya, ine ndimadziwa mabeseni."

Loweruka ndinavala jekete, ndinakwera njinga yamoto mpaka pamwamba pa phiri, kukafuna mzungu amene ndinamupeka ndekha. Ndinaima m'mbali mwa msewu pakati pa ogulitsa masitiroberi ndi miyala yonyezimira. Chifunga tolo, kuzizira kolowa m'mafupa. Azungu ankadutsa, ine kumakweza khadi m'mwamba ngati lefule, iwo kumangomwetulira. Ogulitsa anzanga anayamba kufunsana ngati ndikusakasaka m'bale wanga wotayika.

Dzuwa litapendeka anaima mzungu wina wandevu. Analandira khadi, analitembenuza, maso tong'o.

"Oh no! Who did this?"

Ine ndinadziguguda pachifuwa. "Me, bwana! Original! Waterproof!"

Kuti akhulupirire, ndinatsegula botolo langa la madzi n'kuthira pakhadipo. Madzi anangotsetsereka. Mzungu anagwira kumutu n'kubuula ngati wamva uthenga wa maliro. Ndinati mtengo wamuopsa ndisanautchule n'komwe.

"Discount ilipo, bwana!"

Anapukusa mutu, anagula masitiroberi, ulendo. Ndinauza anzanga aja kuti azungu a masiku ano ndi osauka. Ndalama ya njinga yobwerera inali itathera ku laminating, choncho phiri lonse lija ndinatsika wapansi, jekete lili paphewa.

Lolemba kumwamba kunada bii. Amake Tadala anayamba kutsuka mabeseni. Ndinameza manyazi n'kupita ku Chirunga kukafuna mayi Kachere.

"Madam, mzungu uja wandikhumudwitsa. Ndaganiza kuti ndigulitse kwa inu, munthu wakwathu. Mtengo womwe uja, mungowonjezerapo ya laminating."

Ndinaliika patebulo. Mayi aja anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Munati lisanyowe."

"Ndi makona omwe mwadula?"

"Anali otuwa, madam."

Kenako anandifotokozera modekha ngati akuphunzitsa mwana wa Sitandade 1. Anthu otolera makhadi amafuna khadi lili momwe linatulukira kufakitale, ngakhale litatuwa. Pulasitiki ya laminating imamatirira, ukati uichotse imachoka ndi nkhope ya munthuyo. Kapulasitiki kaja ndinataya ndi kamene kanali kolisungira.

Ndinalitola patebulo. "Ndiye pano ndi la ndalama zingati?"

"Munanena nokha tsiku lija. Ndi basera."

Ndinkafuna pansi patseguke. Koma chimene chinandibaya kwambiri ndi funso limene anandifunsa ndikutuluka: "Munaganiza kuti ndikukuberani, eti?" Munthu akanatha kutenga khadi lija ulere ine n'kumuthokoza, koma anandiuza zoona, ndipo ine ndinamubwezera bodza la mzungu. Mpaka lero zimandipweteka.

Makhadi otsala aja mayi Kachere anawagula pa mtengo woyenera. Ndalama yake inakwanira misomali yokha. Zikwama amagulabe kwa ine, koma masiku ano amanenerera mpaka ndimatuluka thukuta.

Mvula inagwa sabata yomweyo, yamphamvu. Amake Tadala anamanga katundu, ndipo ku Sadzi anakhalako mpaka dzinja linatha. Tsiku lochokalo ndinawachonderera pakhomo, madzi akundidonthera pamutu m'nyumba yanga yomwe. Iwo anayang'ana matilesi onyowa, anayang'ana thumba la misomali, kenako anawerama n'kutola khadi lija, limene linkayandama m'beseni. Analipukuta ndi chitenje n'kundiika m'manja.

"M'nyumba muno amene sakunyowa ndi bambo wa tsitsi lalikuluyu. Mutsale naye, muzikambirana za matailosi."

Kasitomala akadzakuuzani zoona, musamuwerengere nzeru za mumsika: landirani, thokozani, mukagule malata.